Ndinalipira tulo, anandipatsa mafoloko atatu

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga nkhaniyi mutapanikizika kumpando wakumbuyo, bondo lili pachitsulo, chigongono cha mnzanu chili m'nthiti, kondakitala akukuwabe kuti "fendelani, fendelani, malo yaliko!" Ndiye mukamva kuti lero tikamba za ndege muziti, iyayi, mlembi wathu wayamba kudzimva, ife za ndege zitikhudza pati? Khalani nane pang'ono. Inenso ndine wa minibasi. M'mawa uliwonse ndimakwera ku Chelstone, madzulo mundipeza pamzere ku Kulima Tower monga wina aliyense. Kutsogolo kwa katani ya m'ndege, kumene amati business class, ndakhalako kamodzi kokha pamoyo wanga wonse, ndipo sindinapiteko chifukwa cha matama.

Zinali chonchi. Kuntchito ananditumiza kumsonkhano mumzinda wina waukulu wa kum'mawa kwa Africa. Tsiku lachiwiri chakumadzulo foni inalira. Amalume, amene anandilera ndi kundilipirira sukulu kuchokera pa thonje ndi nshawa, atisiya kumudzi ku Madzimoyo. Kwa inu obadwira mu Lusaka, Madzimoyo ndi paja pali mishoni yakale ya a Dutch, yomwe inayamba mu 1903, m'mbali mwa msewu wa Great East munthu asanalowe mu Chipata. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mukudziwa mmene kumawotchera kummawa mwezi umenewo. Mlongo wanga anati, "Achimwene, akuluakulu akuti sitingasunge masiku awiri ndi dzuwa ili. Tiika mawa. Tikudikirani mpaka 14:00, mukapitirira pamenepo mutikhululukira."

Tikiti yanga yobwerera inali ya Loweruka. Ndege imodzi yokha ndiyo ikanandifikitsa ku Lusaka nthawi yabwino, yonyamuka cha m'ma 23:00, ndipo kumbuyo kunali kodzaza. Mpando wotsala unali wa mabwana. Ndinaimbira amayi amene amasunga ndalama za chilimba chathu, ndinawapempha kuti andipatsiretu gawo langa mwezi wanga usanakwane, iwo anamva chisoni natumiza pafoni. Ndalama imene ndinawonjezera usiku umenewo ikanandikweza minibasi chaka chathunthu. Mtima unawawa, koma ndinadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: ndigona. Ndikatera ku Lusaka cha m'ma 01:00 kukundidikira basi ya 05:00 ndi makilomita pafupifupi 570, kenako maliro, kenako msonkhano wa banja umene mwana wa mlongo wa malemu sangauthawe. Maola awiri a tulo tabwino akanandithandiza kwambiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi, monga timawerengera chenji. Ulendo wake ndi wa maola atatu osakwana bwino. Mphindi 20 kapena 30 zoyamba ndege ikukwera, mpando uyenera kuima chilili, lamba ali m'chiuno. Mphindi 30 kapena 40 zomaliza ndege ikutsika, mpando uimenso, kathebulo kapindidwe, zotchinga mazenera zikwezedwe. Izo ndi za chitetezo, palibe wotsutsa. Chotsala pakati ndi maola awiri, mwina osakwana. Odziwa za tulo amati munthu amafunika mphindi pafupifupi 90 kuti achoke pa kusinza, afike pa tulo tofa nato, nkubwereranso. Ndiye kuti m'ndege yotere muli mpata wogona kamodzi kokha. Wina akakudulira pakati, mpata wachiwiri palibe.

Nchifukwa chake nditangokhala pansi ndinaitana mtsikana wotumikira m'ndegemo nkumuuza m'Chingerezi changa cha ku Madzimoyo kuti chonde, sindidya, sindimwa, ndili pamaliro, ndikufuna kugona chabe. Anamwetulira bwino kwambiri, napepesa za malirowo, nati palibe vuto. Ndinamanga lamba pamwamba pa bulangete kuti aliyense aziona kuti ndamanga, asandidzutse pofuna kuyang'ana. Bulangetelo ndinachita kulipempha kawiri, koma zimenezo tizisiye.

Tulo titangoyamba kubwera, ndinamva dzanja paphewa. Kathaulo kotentha, bwana. Ndinapukusa mutu, ndinatsinzinanso. Magetsi onse anali chiyakire ngati m'sitolo. Pambali panga anayala kansalu koyera, mbale zinayamba kugundana, botolo linatsegulidwa. Dzanja lachiwiri paphewa, la munthu wina tsopano, mnyamata waulemu: nkhuku kapena nsomba? Uthenga wanga sunamufike. Ndisanayankhe nkomwe kansalu kanali katayalidwa kale patsogolo panga, ndipo panali mafoloko atatu, mipeni iwiri ndi timabotolo ta mchere ndi tsabola. Mafoloko atatu, pakati pa usiku, kwa munthu amene kwawo nsima amadya ndi dzanja. Kachitatu anandidzutsa kuti khofi kapena tiyi. Khofi! Pakati pa zonsezi sipika inkalengeza m'zinenero ziwiri za mafuta onunkhira amene akugulitsa, ndi za khadi lawo losonkhanitsira mapointi. Pamene anathimitsa magetsi, woyendetsa ndege anali pafupi kulengeza kuti tayamba kutsika. Ndikaphatikiza zonse, ndinagona mwina mphindi 25, zodukaduka.

Ndinene chilungamo. Palibe anandilankhula mwano. Onse anali aulemu, ovala bwino, "bwana" sanachoke pakamwa. Nsomba imene ndinalawako chifukwa cha manyazi sinali yoipa. Ndipo ana amenewa anali otopa, maso ankaoneka. Ndege za mtunduwu zimatera apa, kunyamuka, kukateranso kwina usiku womwewo. Sindikuwaimba mlandu iwo. Anachita zimene anawaphunzitsa, motsatira ndondomeko yake, osadumpha ngakhale chimodzi. Vuto langa lili pa ndondomekoyo. Inalembedwera ulendo wa masana, munthu ali maso, ali ndi njala, akufuna chomutayitsa nthawi. Wina mu ofesi anangoitenga momwemo nkuiika pa ndege ya pakati pa usiku, osadzifunsa kuti kodi munthu wokwera 23:00 wabwera kudzagula chiyani.

Ine ndikuti pa ulendo waufupi wa usiku katundu wamkulu amene akugulitsidwa kutsogolo kwa katani ndi tulo. Zina zonse nzongokometsera. Ndiye kampani imene imakulipiritsa kawiri kapena katatu, nkugwiritsa ntchito zokometserazo kukulanda katundu weniweniyo, yakupatsa utumiki woipa, ngakhale itamwetulira bwanji.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Mafoloko amawerengeka. Vinyo amajambulika. Mbale yokongola munthu amaijambula nkuika pa Facebook, anzake nkumati wafika. Tulo sitijambulika. Bwana woyang'anira akakwera kudzaona ngati antchito akugwira bwino, amachonga papepala kuti thaulo laperekedwa, buledi waperekedwa, khofi waperekedwa. Palibe mzere wochongapo kuti munthu wa pampando wachiwiri anasiyidwa mumtendere. Wantchito amene wakusiya ugone amaoneka ngati waulesi, pamene wokudzutsa katatu amaoneka wakhama. Komanso chakudya chenichenicho sichikoma monga chimakomera pansi, chifukwa mpweya wa m'ndege ndi wouma ndipo ndi wopepuka ngati uli paphiri la mamita pafupifupi 2,000 kapena kuposerapo, lilime ndi mphuno zimafooka. Mowa nawo umakugwetsa msanga koma tulo take timakhala tosakhazikika. Ndiye akukudzutsa kuti akupatse zinthu zimene sizikoma bwino kumwambako, zimenenso zikuwonongera tulo totsalato.

Si kuti nzeru yake kulibe padziko. Kampani ya British Airways, yomwe inkabwera kuno ku Lusaka mpaka 2013, ndiyo inayamba kuika mipando yogoneka ngati bedi mu business class m'chaka cha 2000. Pa ndege zake za usiku zochokera ku New York kupita ku London, ulendo wa maola pafupifupi asanu ndi awiri, inayambitsa zoti anthu azidyeratu pansi m'chipinda chodikirira, kuti akakwera angogona. Anaona kuti ngakhale maola asanu ndi awiri ndi ochepa kuti munthu adye mwachifatse ndi kugona mokwanira. Nanga atatu? Makampani ena amagawa timapepala tomata pampando, kena kakuti musandidzutse, kena kakuti mundidzutse pa chakudya. Kapepala chabe. Mtengo wake sufika ngakhale pa foloko imodzi.

Kuno kwathu ndege zikuluzikulu zimabwera, Emirates ya ku Dubai kuyambira 2012, Qatar Airways ya ku Doha kuyambira 2021, ndipo pa maulendo amenewo nthawi imakhalapo yodya ndi yogona. Koma zolumikiza mizinda ya mu Africa muno zambiri ndi zazing'ono, za mtundu wa Boeing 737 kapena Embraer, zokhala ndi kanjira kamodzi pakati. Mpando wa mabwana m'menemo ndi wotakata, umapendekera kumbuyo, koma si bedi ayi. Kugona pamenepo nkovuta kale. Mpake kuti mdima ndi bata zikanakhala zinthu zoyamba kuzisamala, poti ndizo zokha zimene angapereke.

Wina anganene kuti, nanga amene akufuna kudya? Walipira, adye. Zoona. Bambo amene anakhala pambali panga anadya zonse, namwa, napempha china, ndipo ndi ufulu wake. Sindikuti chakudya chichotsedwe. Ndikuti afunse, ndipo akafunsa alembe, ndipo akalemba auzane. Wofuna kudya amuyatsire kagetsi kake ka pamwamba, amupatse zonse pathireyi imodzi, zithe m'mphindi 20. Wofuna kugona amusiyire botolo la madzi pambali.

Bambo yemweyo ndiye anandiululira chinthu china pamene tinkadikira katundu. Nditamudandaulira, anaseka nati, "Ine sindidandaula, si ndalama yanga. Ofesi ndiyo imagula." Ndinayang'ana anzathu ena a kutsogolo kuja, ambiri ndi zikwama za laputopu, ena zingwe za kumsonkhano zikadali m'khosi. Pamenepo ndinamvetsa. Wokhala pampando si amene walipira, ndipo wolipira sanakhalepo pampando. Kampani, bungwe kapena unduna umalipira, munthu amakwera, akagona kapena asagone palibe amene amve kuwawa m'thumba. Ndipo pamene wolipira ndi unduna, ndalamayo ndi yanu, inu amene mwapanikizika kumbuyoko, yochokera pa msonkho wa mafuta amene minibasi yanu yathira m'mawa uno. Apo ndiye ndege yakukhudzani.

Koma ikukukhudzaninso pena. Kuchoka pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, m'nyumba yatsopano ija anatsegula mu 2021, ndinatenga takisi kubwerera mutauni. Zimaseketsa, bwaloli lili kale kumbali ya Chongwe, njira ya kwathu, koma uyenera kubwerera mmbuyo kukafuna basi ku Intercity, kuti pakapita maola angapo udzadutsenso pamphambano yomweyo. Mukukumbukira kuti mu 2016, ngozi zitachuluka, boma linaletsa mabasi kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00. Kuyambira pamenepo tinazolowera basi yoyamba ya mbandakucha. Tanthauzo lake nlakuti aliyense wokwera basi imeneyo sanagone. Wina wadzuka 02:30 ku Kanyama, wina wagona pabenchi pasiteshoni pomwepo atakumbatira katundu. Maola atatu oyamba, kuchoka mu Lusaka kudutsa Chongwe, Rufunsa, mapiri a Manenekela mpaka pamlatho wa Luangwa, ndiwo usiku wathu waufupi. Aliyense akufuna chinthu chimodzi chomwe chija.

Basi imene ndinakwera inali ya mtengo wokwererapo, yolembedwa mawu aulemerero m'mbali, makatani a mphonje m'mazenera. Pemphero tisananyamuke, limenelo sindikana, njira ya Manenekela imafuna pemphero. Koma titangodutsa maloboti omaliza, TV inayaka, nyimbo zinayamba, sipika ili pamutu panga penipeni. Nthawi ili 05:30. Kenako mnyamata anayamba kuyenda mpando ndi mpando kugwedeza anthu kuti alandire bisiketi ndi kabotolo ka chakumwa. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Mafoloko atatu aja anditsatira mpaka pansi pano. Pobayira foni sipankagwira ntchito, mphepo yozizira inkawomba ngati mufiriji, koma bisiketi inafika panthawi yake.

Ndi matenda amodzi, kumwamba ndi pansi. Eni ake amagula zooneka, chifukwa zooneka ndizo zimakopa munthu pogula tikiti. Zimene munthu amafuna akakhala pampando sazifunsa. Akuluakulu amakumbukira ndi kunyada ndege ija ya Nkwazi ya Zambia Airways yakale, imene inkafika mpaka ku New York kampaniyo isanagwe mu Disembala 1994, ndipo amakumbukiranso mabasi a UBZ. Mukawamvetsera bwino, chimene amatchula kwambiri si mbale kapena makatani ayi, koma kuti ankadzimva kuti ndi anthu, chinthucho nchawo.

Ndipo minibasi yathu ili ndi business class yake, musaseke. Mpando wakutsogolo, pambali pa dalaivala. Tonse timaufuna. Mulibe thaulo lotentha, mulibe vinyo. Timaufunira chiyani? Miyendo imatambasuka, zenera ndi lako, ndipo koposa zonse palibe amene akuuze kuti tsika kaye wina adutse. Ukusiyidwa mumtendere, basi. Ife a minibasi tinadziwa kalekale chimene a ndege akulephera kuchidziwa. Mutifunse chimene tikufuna, palibe adzatchule magetsi a mitundumitundu kapena sipika yogwedeza chiwindi. Tidzati: musatinamize ndi anthu ongokhalamo kuti basi ioneke yodzaza, nkumatsika mmodzimmodzi ife titakwera. Mukati mupita kutauni, mufike kutauni, osati kutitula panjira chifukwa mwaona anthu ambiri mbali inayo. Chenji yanga mundipatse osandichititsa kupempha katatu ngati ndikupempha ngongole. Ndipo 06:00 m'mawa, chonde, chepetsani wailesi. Mayi uyo watsamira pazenera wachoka kuntchito ya usiku kuchipatala, mphindi 40 izi ndizo tulo take.

Kusiyana kwake nkwakuti a kutsogolo kwa katani sadandaula chifukwa ndalama si yawo, pamene ife sitidandaula chifukwa tinatopa, ndipo tikudziwa kuti yotsatira nayo ndi chimodzimodzi. Zotsatira zake nzofanana: palibe amene amauza mwini wake. Ine ndinalembera kampani ya ndege ija. Anandiyankha ndi kalata yokonzeratu, yothokoza kuti ndinasankha kuuluka nawo, ndipo mawu akuti tulo sanalimo. Komabe ndilembanso. Tili ndi bungwe la CCPC loona za madandaulo a ogula, lamulo lake ndi la 2010, ndipo a RTSA alipo pa za mabasi. Mwina sangathamange chifukwa cha munthu mmodzi amene anadzutsidwa kuti amwe khofi. Koma basi yokutula panjira utalipira ulendo wonse, imeneyo ndi nkhani yoti ilembedwe, nambala ya galimoto, tsiku ndi nthawi.

Ndibwerere ku basi ija. Pokwera ndinali nditauza kondakitala, kamnyamata kowonda kovala jekete lalikulu kuposa msinkhu wake, kuti, "Mwana wanga, nizaseluka pa Madzimoyo, osati mu Chipata. Nili pa malilo." Anangogwedeza mutu, ali kalikiliki ndi matumba a anthu. Titaima pa Luangwa, ena akugula nsomba zouma ndi madengu, ndinamupempha kuti achepetseko nyimbo. Anandiyang'ana nati, "Ba mudala, nizakuuzani zoona. Ba driver bakamba ati ngati tazimya, tulo tubagwila." Yankho limenelo linandiopsa, ndipo nkhani ya tulo ta madalaivala athu tidzaikamba tsiku lake payokha. Koma linali yankho loona, ndipo kuyambira dzulo lake palibe amene anali atandiuza zoona. Pa Nyimba mayi wina atatsika, kamnyamatako kanabwera kudzandikodola, nkundisamutsira kumpando wa kumbuyo pang'ono kumene sipika yake inali yakufa.

Petauke ndinamuona. Sinda ndinamuona mwa apo ndi apo. Katete sindinamuone nkomwe. Tulo timene ndinalipirira ndalama ya chilimba kumwamba kuja tinandipeza pampando wolimba, dzuwa lili paliwombo, mwana wa munthu wina akulira kumbuyo kwanga. Ndikanapitirira mpaka mu Chipata, ndipo pobwerera 14:00 ikanakwana ndili panjira.

Ndinamva dzanja paphewa, lachinayi kapena lachisanu paulendowu, sindikudziwanso.

"Ba mudala, ukani. Madzimoyo iyi. Chola chanu nachosa kale, chili pansi."

Nthawi inali 13:20. Mnyamata wa njinga anandinyamula, chikwama chili pamiyendo, fumbi lili m'maso. Ndinapeza adzukulu atabwerako kale kumanda, azimayi a chigwirizano akuimba pakhomo, bokosi lisanakhomedwe. Nkhope ya amalume ndinaiona.

Ndalama ya chilimba ndikubwezabe. Kwatsala miyezi iwiri.